Calculator yobwerera pa kauntala

Mtima sukukhala pansi, ndiye bola ndilembe. Chiperoni chagwira Luchenza, phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe, makasitomala ali m'mabulangete. Masiku otere kankhani kakang'ono kamandikulira.

Kunabwera mtsikana wophunzira uinjiniya, amene ndinamugulitsa calculator ya Casio fx-991ES Plus sukulu itangotsegulira. Waiika pa kauntala. "Amalume, mundisinthire, mundipatse fx-82MS." Ine kudabwa. Kubweza yamphamvu n'kufuna yaing'ono? Akuti pa mayeso a masamu woyang'anira anamulanda, pepala lonse analemba ndi mutu basi. Chonsecho pa mayeso a zamagetsi analowa nayo yomweyo osafunsidwa kanthu, poti kumeneko ma complex numbers amafunika.

Ndinati, "Mwanangu, pa malamulo a mayeso analemba chiyani?" Akuti non-programmable, basi.

Apa m'pamene ndinapsa mtima, osati ndi mwanayo ayi. Calculator ya fx-991 imeneyi si programmable. Simungasungemo mapulogalamu kapena manotsi ngati mu TI-84 kapena Casio fx-9860. Mlandu wake n'ngwakuti imasova ma equation ndi ma matrix, ndiponso integration yokhala ndi malire imakupatsa yankho ukangodina. Mphunzitsi wofuna kuona ngati mwana amatha kuwerengetsa yekha ali ndi chifukwa choikanira, zimenezo sinditsutsa. Koma atchule dzina la calculator semesita isanayambe, osati mwana atakhala kale pa desiki, manja akunjenjemera. Ku America bungwe loyesa mainjiniya la NCEES limachita kulemba poyera: Casio fx-115 ndi fx-991, TI-30X ndi TI-36X, HP 33s ndi HP 35s. Zina zonse zitsale pakhomo. Mzere umodzi wotero ukuvuta pati?

Madala ena opuma ntchito ku fakitale ya tiyi, amene benchi ya pashopu panga anaisandutsa yawo, analowerera. "Ife tinkawerengetsa ndi ma log tables ndi slide rule, boila sinaphulikepo." Mtsikanayo anayankha mwaulemu, maso ali pansi: "Agogo, masamu ndimawatha. Chikundiwawa ndi ndalama, inachoka pa ngongole ya boma." Madala aja anangotsokomola, n'kuyamba za mtengo wa feteleza.

Kapena ndinali wokwiya kale m'mawa, kaya. Tiyi ndinamwa wozizira, magetsi atathima.

Kusintha sindinasinthe. Kumsana kwake analembako dzina ndi tipeksi, ndingaigulitse kwa ndani? Komanso zaka zikubwerazi adzaifuna, uinjiniya sungaumalize ndi fx-82MS. Ndamukongoza yaing'onoyo, ndalemba m'kope la ngongole, mayi a kunyumba sindinawauze.

Loweruka ndikukaoda katundu ku Limbe. Ndioda ma 82 kapena ma 991? Wina akadzafunsa kuti "amalume, yololedwa ndi iti", ndidzati zikutengera amene akuyang'anira tsiku limenelo, ndiye munthu n'kugula ndi yankho lotero?