Mbewa zodzandira komanso mmene ubongo umamangidwira

Abale anga, ku ma labu kuli mbewa ina imene imayenda modzandira, ikati ithamange imagwera chammbali, kudzuka, kugwanso, moyo wake onse. Amaitchula kuti reeler, ndipo amene anaifotokoza koyamba ndi Douglas Falconer ku Edinburgh mu 1951. Iyi sanachite kuipanga asayansi ayi, inangobadwa choncho, nde panatenga zaka zambirimbiri mpaka 1995 kuti apeze jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa kamene kamakhala m'maselo) imene inaonongeka, imene pano timati Reelin.

Nkhani yake ili chonchi. Chikuto cha ubongo chija amati cortex chili ndi magawo 6 osanjikizana, koma maselo ake sabadwira pamene adzakhale, amabadwira mkatikati mwa ubongo nkumakwawa kupita kunja atagwirira timaulusi ta maselo ena. Oyamba kubadwa amakhala pansi, obwera pambuyo amawadutsa anzawowo nkukakhala pamwamba pawo, ena aja nawonso adutsidwa, mpaka magawo onse atakwana. Reelin ikasowa, maselo atsopano amalephera kudutsa akale aja nde dongosolo lonse limakhala ngati latembenuzika, komanso kaubongo kakumbuyo kamene kamathandiza kuti thupi lisamapepesuke kamakhala kakang'ono kwambiri. Kudzandira kuja kumachokera pamenepo. Maselo alipo ndithu, amoyo, koma aima pamalo olakwika basi.

Kudikira kuti mbewa ibadwe ndi vuto mwangozi kunali kuchedwa, nde kunabwera njira yothimitsa jini imene ukufuna iweyo. Mario Capecchi, Oliver Smithies ndi Martin Evans ndi amene anatsegula njira imeneyi, mbewa zoyamba za mtunduwu zinabadwa cha mu 1989 ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2007. Amasintha jiniyo m'maselo a mluza, kuwabaya mu mluza wina, kuika m'mimba mwa mbewa yaikazi, kenako kukweretsa ana ake mpaka atapeza imene ilibiretu jiniyo. Bere la mbewa ndi la masabata atatu okha, nde sudikira nthawi yaitali kuti uone zotsatira, komanso majini athu ambiri ali ndi anzawo mu mbewa.

Zimene anaona zina ndi zoopsa. Mu 1996 asayansi atathimitsa jini yotchedwa Sonic hedgehog, miluza inakula ndi diso limodzi pakati pa nkhope, ndipo maselo amene amalamula minofu kuti igwedezeke sanapangike mumsana. Atachotsa jini ina yotchedwa EphA4, mbewa zinabadwa bwinobwino koma mmalo moponda mwendo uwu kenako uwo, miyendo yakumbuyo imapita limodzi, kudumpha ngati kalulu, chifukwa mitsempha ina mumsana inaoloka kupita mbali imene simayenera kufikako. Sindinganene kuti sizindikhudza, tinyama timeneti timavutika ndithu ndipo malamulo oteteza nyama za mu labu akuyenera kukhala okhwima, koma palibe njira yoti zimenezi ungaziyese pa mwana wa munthu.

Koma imene imandigwira mtima kwambiri ine ndi ya matenda a Rett. Amagwira makamaka atsikana, pafupifupi mmodzi pa 10,000 alionse. Mwana amabadwa bwino, kuseka, kugwira zidole, mwinanso kuyamba timawu, nde akafika miyezi 6 mpaka 18 zinthu zimayamba kubwerera m'mbuyo, mawu aja amatha, manja amasiya kugwira zinthu amangowapotokola pachifuwa tsiku lonse, kupuma kumasokonekera. Taganizani kholo likuona zimenezi osadziwa chachitika ndi chani. Mu 1999 gulu la Huda Zoghbi ku Houston linapeza kuti vuto lili pa jini ya MECP2, imene ili pa chromosome X, kamodzi mwa timitolo ta majini ta m'selo.

Anthu ambiri ankaganiza kuti ubongo ukakula jini ili yoonongeka ndiye kuti zatha, palibe chobweza. Nde mu 2007 gulu la Adrian Bird ku Edinburgh linapanga mbewa zimene jiniyi inali yotsekedwa koma mwa njira yoti angathe kuitsegulanso ndi mankhwala a tamoxifen. Anazisiya zikule mpaka zidwale, kunjenjemera, kupuma movutikira, zina kungokhala pamalo amodzi osasuntha, kenako nkuitsegula jini ija. Patapita masabata ochepa mbewa zambiri zinayamba kuyenda, kunjenjemera kuja kunachepa kwambiri, ndipo zina zimene zinatsala pang'ono kufa zinakhala ndi moyo. Eti mbewa zazikulu kale!

Apa mpamene ndinamvetsa kuti majini awa sagwira ntchito mofanana. Reelin pa nkhani ya kusanja magawo ija ili ndi nthawi yake, mluza ukadutsa pamenepo maselo akhala pomwe akhalapo. MECP2 ndi ina, maselo anamangidwa ndipo ali pamalo pake, sanafe, akungofuna jiniyo tsiku ndi tsiku kuti agwire ntchito bwino. Nchifukwa chake sindimagwirizana ndi kamba koti vuto lililonse lobadwa nalo la muubongo ndi losasinthika, ena ndi otero inde, koma osati onse.

Komabe tisathamange, mbewa si munthu. Mbewa zija jini yabwino inalimo kale m'selo iliyonse, anangochotsa chotsekera, pamene kwa mwana uyenera kuilowetsa kuchokera kunja nkuifikitsa ku maselo mabiliyoni. Ndipo mlingo ndi nkhani yaikulu, mu kafukufuku yemweyo mbewa zina zinafa atatsegula jiniyo mwadzidzidzi, mpaka anayamba kuitsegula pang'onopang'ono. MECP2 ikachuluka imabweretsanso matenda ena aakulu, makamaka kwa anyamata, nde amene akuyesa chithandizo cha majini pa ana a Rett panopa akulimbana ndi zimenezo, kuti selo iliyonse ilandire yokwanira koma osapitirira.