Mabuku asamuka, mizere yanga yatsalira

Ino ndi sabata yachitatu ndili pa ntchito yosamutsa mabuku kuchoka pa Kindle yanga yakale kupita pa Kobo, tonse tiwiri timakina towerengera mabuku. Batire ya Kindle ija yatopa, masiku atatu sikufika, ndiye ndinati ndisadikire tsiku limene idzakaniretu kuyaka.

Pa mabuku 412 amene ndinali nawo, 350 afika bwinobwino. Zonse ndikuchitira mu Calibre, pulogalamu yaulere yosamalira mafayilo a mabuku, imene Kovid Goyal anayamba kupanga mu 2006. Ndimalumikiza Kindle ku laputopu ndi chingwe cha USB, n'kukopera mafayilo, kenako Calibre imawasandutsa EPUB, mtundu wa fayilo umene Kobo imawerenga, poti Kobo siwerenga AZW3, mtundu wa Kindle. Calibre 8, imene inatuluka mu 2025, imathanso kuwasandutsa KEPUB. Umenewu ndi mtundu wa EPUB wa Kobo yokha, ndipo umasonyeza masamba amene atsala kuti mutu uthe. Kwa ife amene timati "mutu umodzi wokha basi" pakati pa usiku, kanthu kameneka n'kofunika.

Chimene chinandidyera nthawi si kusandutsa ayi, koma mayina. Ambiri mwa mabukuwa ndinawatenga ku Project Gutenberg, nkhokwe ya mabuku akale imene Michael Hart anayambitsa mu 1971, ndipo kwa zaka zonsezi ndinkangoponyamo osakonza kanthu. Wolemba mmodzi ndinamupeza malo atatu: apa dzina la bambo lili kutsogolo, apo lili kumbuyo, kwina zilembo zoyamba zokha. Mabuku otsatizana anali mbwee, lachisanu patsogolo pa loyamba. Madzulo awiri athunthu anathera pamenepo, ndipo wolakwa ndi ine ndemwe.

Otsala 62 aja: 9 ndi ma PDF, amene pa sikirini ya mainchesi 6 amafuna maso a mphamba, ndiye ndawasiya pa laputopu. Ena 53 ali ndi loko wa DRM, amatsegukira kumene anagulidwa. Sindikulimbana nawo, ndiziwawerengera pa Kindle yomweyo kapena pa foni. Kungoti tsopano ndisanagule ndimayamba ndaona ngati bukulo lilibe loko. Ofalitsa ena, monga Tor, anasiya kuika DRM kale mu 2012.

Koma nkhani imene yandikhalitsa pansi ndi ina. Nditatsegula pa Kobo buku limene ndaliwerenga katatu, ndinalipeza loyera ngati sindinalikhudzepo. Mizere yonse imene ndinkalemba kunsi kwa ziganizo, timawu tanga ta m'mbali, malo amene ndinalekezera, zonse kulibe. Zimenezi sizikhala m'fayilo ya buku. Kindle imazisunga padera, ndipo zina imazilemba m'kafayilo kotchedwa My Clippings.txt, m'foda ya documents. Ndinakatsegula ndi cholinga chongoona kukula kwake, n'kupezeka kuti ndakawerenga maola awiri. Chiganizo chilichonse chili ndi dzina la buku, nambala ya malo, tsiku ndi ola limene ndinachilemba mzere. Pena ndinadzidabwa: kodi ndinaonamo chiyani m'chiganizo ichi? Pena ndinapeza mizere makumi awiri usiku umodzi, kenako zii miyezi iwiri. Nambala za malozo sizigwirizana ndi masamba a Kobo, choncho kuzibwezera m'mabuku chimodzichimodzi ndalephera, ndipo ndasiya kuyesa.

Kafayilo kameneka kasintha mmene ndimauzira anzanga za mabuku a nkhani zopeka. Kale munthu akandifunsa choti awerenge ndinkangoti "ili ndi labwino kwambiri", iye n'kuvomera, osaliwerenga. Ena amati ndingowatumizira fayilo. La ku Gutenberg ndimawapatsa linki, koma logula ndimawauza dzina lokha, akadzipezere. Tsopano ndimayamba ndayang'ana pamene mizere yanga inayambira kuchuluka, chifukwa pamenepo ndi pamene bukulo linandigwira. Mnzanga wina wokonda nkhani za ofufuza milandu ndinamulembera chonchi: "Aise, mitu itatu yoyambirira ndi yozizira, pirira. Wapolisi wake ndi wamantha ndipo amanama, usayembekeze ngwazi. Ukafika mutu wachinayi osamva kanthu, lisiye, sindikwiya." Patatha masiku asanu ananditumizira uthenga nthawi ya 1 koloko usiku kundidzudzula kuti ndamulanda tulo.

Ndazindikiranso kuti mabuku ena amene ndakhala ndikuwatama alibe mzere ngakhale umodzi. Ndinkawatama chifukwa ena amawatama. Atatu ndawachotsa pa mndandanda umene ndimapatsa anthu, ndipo m'malo mwake ndaikapo kabuku ka nkhani zifupizifupi kamene sindinkakatchula n'komwe, koma kali ndi mizere 41.

Sabata ino ndikufuna ndisabwereze cholakwa chomwechi. Kobo imasunga mizere m'fayilo ya KoboReader.sqlite, m'foda yobisika ya .kobo, ndiye ndiziikopera ku laputopu kumapeto kwa mwezi uliwonse. My Clippings.txt ndaisunga kale malo awiri. Kindle yakale ili pa chaja pano, pali buku limodzi mwa 53 aja limene ndinalekezera pakati.