Mfuti ya mkamwini

Kwa apongozi anga ku Craig, kumpoto chakumadzulo kwa Colorado, Okutobala akafika nkhani imakhala imodzi: elk. Ndi nyama ya mtundu wa gwape, koma yamphongo yokhwima imaposa makilogalamu 300, nyanga zake zanthambinthambi, ndipo imodzi yokha imadyetsa banja mpaka chaka chitembenuke. Tauni yonse imasanduka yaolenji, poti lamulo la kuno limati wosaka ndi mfuti avale chovala ndi chipewa chowala, kuti mnzake asamuyese ndiwo.

Ine ndinakwatira m'banja la alenje okhaokha. Bambo amasaka, mayi amasaka, ngakhale mdzukulu wawo wamkazi wa zaka 14 amasaka, chifukwa ku Colorado mwana akakwanitsa zaka 12 amaloledwa kutsata nyama zikuluzikulu ali ndi wamkulu. Wosasaka ndinali ine ndi galu wawo wokalamba. Choncho ndinalembetsa maphunziro a ulenje amene aliyense wobadwa kuyambira 1949 amayenera kuchita, ndinakhoza, ndinagula chiphaso, kenako n'kulengeza pa chakudya chamadzulo kuti chaka chino mkamwini akukwera nawo phiri.

Apongozi aamuna anakondwera. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi mfuti yawo yakale ya .30-06, thabwa lake lofifirika ndi thukuta la zaka zambiri. "Tenga iyi, mwana wanga. Chipolopolo chimenechi asilikali a America anayamba nacho mu 1906, ndipo elk sizinasinthe chikopa chichokereni nthawi imeneyo."

Ndinathokoza ndi manja awiri, koma mumtima ndinakana. Mwana wawo ndatenga, nyumba ya alendo ndimagona yawo, ndiye ndibwerekenso mfuti? Loweruka lotsatira ndinali m'sitolo.

Wogulitsa anali mkulu wodekha, wa ndevu zotuwa. Anandandalika zipolopolo patebulo n'kumazitchula chimodzichimodzi: .270 Winchester ya mu 1925, .308 ya mu 1952, 7mm-08, ndi 6.5 Creedmoor ya mu 2007 imene achinyamata amaikonda ndipo akuluakulu amainyogodola. Anati zonsezi zimagwetsa elk bola chipolopolo chikhale chabwino ndipo chilowe kuseri kwa phewa, m'mapapo. Lamulo la boma limafuna chipolopolo chonenepa .24 ya inchi kupita m'mwamba, cholemera ma grain osachepera 85 (pafupifupi magalamu asanu ndi theka).

"Munawomberapo kale?" anafunsa.

"Kwathu ndine mlenje wodziwika," ndinayankha. Silinali bodza kwenikweni. Funsani njiwa za ku Kasungu za ine ndi legeni yanga.

Maso anga anali atakakamira kale pa chipolopolo chachitali kumapeto kwa mzere, .300 Winchester Magnum, cha mu 1963. Ndipo poti ndinamva kuti mapiri a kuno amathetsa mpweya, ndinasankhanso mfuti yopepuka kuposa zonse pakhomapo. Mkulu uja anakanda ndevu. Anafotokoza kuti mphamvu imene imathamangitsa chipolopolo kutsogolo ndi yomweyo imabweza mfuti m'mbuyo. Mfuti yolemera imamezako ina, yopepuka imapereka yonse kwa mwini wake, ndipo .300 imakankha pafupifupi kawiri kuposa 7mm-08. Onga wambiri m'mfuti yopepuka, anatero, amagula anthu a mitundu iwiri, akatswiri ndi amene sabweranso kachiwiri. Ndinamwetulira pomva kuti wandiika m'gulu la akatswiri.

Kumalo oyesera mfuti kunapita banja lonse. Anthu a kuno sadziwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi amafunika kutalikirana pang'ono, choncho mayi anakoka mpando n'kukhala pafupi penipeni, ndi khofi wawo m'manja. Chandamale anachikhoma pa mayadi 100. Kamtsikana kaja kanayamba ndi 7mm-08 yake, kanawombera modekha, mabowo onse n'kuunjikana malo amodzi oti ungaphimbe ndi chitsekerero cha botolo. Kenako bambo anandikodola.

"Thako la mfuti ulikanikize paphewa. Diso litalikire scope, pasiye mpata wa zala zinayi."

Ndinamva ndithu. Koma nditasuzumira mu scope, kagalasi koonera patali ka pamwamba pa mfuti, chandamale chinkaoneka mwachimbuuzi, ndiye ndinasendeza mutu pang'ono. Chinawala. Ndinasendezanso, chinawala kwambiri. Ndinadabwa kuti bwanji azungu, ndi nzeru zawo zonse, sanatulukire njira yapafupi chonchi. Ndinapuma, n'kukoka.

Khuu! Kenako bii.

Dziko litabwerera, ndinapezeka ndikuyang'ana denga la malata, chipewa chili uko, zotseka m'makutu zili pakhosi. Phewa linali ngati lamenyedwa theche ndi bulu wa pangolo. Ndinayesa kudzuka mwachimuna n'kunena kuti mfuti ili bwino, koma pamalaya panga pankadontha zofiira. Mkombero wa scope unali utadinda nsidze yanga yakumanja, kachizindikiro ka mwezi wongokhala kumene, magazi ali chuu. Apongozi aakazi ndi amene anandigwira mutu n'kukanikiza bala ndi mpango wawo. Ulemu wonse umene ndinausunga chikwatirire unathera pamenepo.

Kuchipatala namwino sanafunse n'komwe kuti chachitika n'chiyani. Anangoyang'ana nsidze, kuyang'ana kalendala, n'kuti, "Ndi .300 kapena .338?" Ndinati .300. Anati, "Scope yakulumani bwino, sindivutika kusoka."

Bala linapola, koma panatsala matenda ena. Nditabwerera kokayesa, zipolopolo zanga zinkangolima dothi kutsogolo kwa chandamale. Ndinati scope inasokonekera tsiku lija. Bambo anatenga mfutiyo, anawombera, pakati penipeni. Ndinati mphepo. Kunalibe mphepo. Ndinakaikitsa kachitsulo kamabowo kukamwa kwa mfuti, kamene kamatulutsira mpweya m'mbali kuti kukankha kuchepe. Kunachepadi, koma phokoso lonse linkapita kwa oyandikana nawo, moti mkulu wina wa pabenchi yapafupi analongedza katundu wake akung'ung'udza mawu amene sindingalembe.

Tsiku lina bambo anati, "Tembenuka, ndikuikire ndine chipolopolo." Anandipatsa mfuti. Ndinakhazikika, ndinapuma monga anandiphunzitsira, ndinakoka.

Ke.

Basi, kamawu kakang'ono komweko. Anali ataika chipolopolo chabodza, chopanda onga. Koma thupi langa silinauzidwe. Maso ndinatsinzina onse awiri, khosi linalowa m'mapewa, mfuti inagwadira pansi, mwendo unakankha benchi, ndipo pakamwa panga panatuluka "Mayo ine!" womveka mpaka koimika magalimoto. Mfuti yosalira, munthu wamkulu akuitana amake.

Panali zii. Kamtsikana kaja kanayamba kufunafuna chinthu m'chikwama mwake, mapewa akugwedezeka. Bambo, amene ndimawalemekeza kwambiri chifukwa cha tsiku limeneli, sanaseke. Anangoti, "Waona? Umathawa mfuti isanalire. Chipolopolo chikamatuluka, kukamwa kwa mfuti kwaloza kale pansi. Elk yolasidwa m'mwendo ndi .300 idzakuyendetsa usiku wonse m'chipale chofewa, mwinanso osaipeza. Ya m'mapapo ndi kamfuti ka mwanayu sipita patali."

Mayi ndiwo anathetsa mlandu. Anandibwereka .308 yawo, yolemerako, yokhala ndi labala wokhuthala kuthako, n'kundilamula kuti ndiyambe kaye ndi .22, kamfuti kophunzitsira ana, mpaka maso asiye kutsinzina. Masabata otsatira ndinakhala pamzere umodzi ndi ana a sukulu, ena akundilangiza kagwiridwe.

Kuphiri tinapitadi. Elk yamphongo inatulukira m'mawa m'mphepete mwa nkhalango, kumbali imene kunali mdzukulu. Kulira kumodzi, nyama pansi. Ine mfuti ya apongozi sinachoke n'komwe paphewa. Koma elk sainyamula yathunthu, amaidula miyendo inayi ndi nyama ya msana n'kutsika nayo pamsana, ndipo apa mpamene banja lonse linagwirizana kuti luso langa laoneka. Mwendo wam'mbuyo, wolemera kuposa yonse, anapatsa mkamwini.

Madzulo ake ndinaimbira amayi kumudzi pa WhatsApp kuti ndiwaonetse nyama. Iwo nyama sanaione. Anayandikitsa nkhope pafoni mpaka ndinangoona mphuno.

"Chipsera icho n'chachiyani?"

"Ndi mfuti, amayi."

"Anakuwombera?"

"Ayi, ndinawombera ndine."

"Ndiye wawombera ndiwe, wavulala ndiwe?" Anakhala chete pang'ono, kenako anatsitsa mawu. "Mwana wanga, usandibise. Ngati akukumenya kuchikamwiniko, nena, ndiwauze amalume ako."