Mowa wa Nkhono

Khonsolo ya ku Nottingham, ku England, itandibwereka kadimba, ndinadzalamo repu, kabichi, anyezi ndi maungu. Anzanga a m'madimba oyandikana ankadabwa kundiona ndikuthyola nkhwani n'kumati ndi ndiwo, pakuti iwo amalimira dzungu lenilenilo kuti ana alisememo maso ndi mano pa 31 Okutobala. Mwezi umenewo utafika, nthawi yoti ndiyambe kukolola, mvula yamvumbi inatulutsa nkhono zopanda chigoba, zonenepa ngati chala chachikulu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapeza kabichi atabowokabowoka, masamba ali ndi mikwasa ya mamina onyezimira.

Mankhwala a metaldehyde, amene kale ankathana nazo, analetsedwa kuno mu Epulo 2022 chifukwa ankaphanso mbalame ndi tinyama tina. Agogo ena a dimba loyandikana nane anandilangiza kuti ndikwirire timakapu m'nthaka, milomo yake itatulukira pang'ono, ndithiremo mowa, chifukwa nkhono zimatsatira fungo la yisiti, zimagweramo n'kumira. Nzeruyo inali yabwino, koma ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo chibadwire mowa sunadutsepo pakhosi panga.

Ndinasankha sitolo yakutali, kumene ndinkakhulupirira kuti kulibe Mmalawi. Ndili pamzere wolipira, zitini zili m'khwapa, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Zikomo a mkulu, mwaswera bwanji?" Anali mayi wotsogolera chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu, maso ali pazitinizo.

"Mowawu si wanga, mayi, ndi wa nkhono," ndinatero.

"A Nkhono ake ati? Amapemphera nafe?" anafunsa motero, ndipo ndisanayankhe anapukusa mutu n'kusamukira pamzere wina.

Lamulungu lotsatira abusa analalikira pa Miyambo 20:1, ndime yonena kuti vinyo ndi wonyoza, ndipo anthu amene sanakhalepo ndi chifukwa choyang'ana kumbuyo tsiku limenelo makosi awo anafewa. Mayi a kunyumba anandiuza m'galimoto kuti amayi ayamba kale kutipempherera.

Loweruka abusa anaganiza zondiyendera kudimba komweko. Mawotchi anali atabwezedwa kale ndi ola limodzi, monga amachitira kuno kumapeto kwa Okutobala, choncho kunada msanga, ndipo anandipeza nditagwada m'matope, tochi ili pachipumi, chitini chotsegula chili m'manja, buluku litanyowa ndi mowa umene unatayika pamene ndinaterereka, ndikukalipira nkhono mokweza kuti, "Imwani, si mumafuna zaulere!" Anaima pachipata kanthawi osalankhula, kenaka anati, "A mkulu, tiyeni tipemphere."

Ndinawapempha kuti aone kaye. Ndinazula kapu imodzi n'kuiunikira, ndipo munali nkhono zitamira thothotho, zina zitatupa, imodzi ikuyesabe kukwera m'mbali koma ikubwerera chagada. Kenaka ndinawaonetsa mzere wa kabichi amene anapulumuka, mitu yake yolimba, ndipo ndinawadulira iwiri pamodzi ndi dzungu limodzi loti chisanu chisalipeze panja. Abusa anayang'ana kapuyo nthawi yaitali, anafunsa ngati Fanta angagwire ntchito yomweyo, ndipo nditawauza kuti nkhono zimafuna chotupitsa, anacheukira uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Mpiru wa amayi busa watha kuseri kwa nyumba," anatero. "Mukapitanso kusitolo kuja mugule zitini ziwiri zapadera, koma mudzabwere nazo kutada, ndipo mudzalowere khomo lakukhitchini."