Fizi mumalipira nokha, boma limathandiza pa maola a ana akaweruka

Funso langa loyamba linali la fizi. Mwana wathu timamulipirira sukulu yapulayiveti kuno ku England, ndipo chiyambireni pa 1 Januwale 2025, pomwe boma linaika VAT ya 20 peresenti pa fizi ya sukulu zoterezi, bilu ya teremu inayamba kuluma. Ndinkafuna kudziwa ngati pali fomu ya ku HMRC, bungwe lotolera misonkho, yomwe munthu angalembepo fiziyo kuti amuchepetsere msonkho wa pamalipiro. Palibe. Fizi, yunifomu, mabuku, zonsezi mumalipira ndi ndalama yomwe msonkho wadulidwa kale.

Chomwe chilipo ndi Tax-Free Childcare, dongosolo lomwe linayamba mu 2017. Dzinali limasocheretsa pang'ono, chifukwa msonkho wanu sakhudzapo. Mumatsegula akaunti ya mwana pa webusayiti ya boma ya gov.uk, mukaikamo £8 boma limaonjezera £2, mpaka £500 pa miyezi itatu iliyonse, kutanthauza £2,000 pa chaka pa mwana mmodzi. Mwana wolumala amapatsidwa kuwirikiza kawiri. Koma mwana akayamba pulayimale, ndalamayi imalipirira maola a kunja kwa kalasi okha: kalabu ya m'mawa sukulu isanayambe, ya madzulo akaweruka, ndi ya pa holide.

Ndisanadinde chilichonse ndinaona kaye nkhani ya mapepala, pakuti apa ndi pomwe ambiri a ife timatsekeredwa. Wofunsirayo ayenera kukhala nzika ya Britain kapena Ireland, kapena wololedwa kukhazikika, kapena woti chilolezo chake chimamulola kulandira thandizo la boma. Anzathu ambiri omwe anabwera kudzagwira unamwino ndi ntchito yosamalira okalamba, viza yawo imakana thandizo limeneli. Kwathu ine ndiye ndinali nditamaliza za kukhazikika, choncho dzina lofunsira linali langa. Bambo a kunyumba anangofunika nambala yawo ya National Insurance, yomwe boma limazindikirira wogwira ntchito aliyense. Kawirikawiri nonse awiri muyenera kukhala pa ntchito, aliyense kupeza zosachepera malipiro otsikitsitsa ovomerezeka a maola 16 pa sabata, ndipo pasakhale wopyola £100,000 pa chaka. Amene ali pa Universal Credit, thandizo la boma la anthu opeza zochepa, ayambe awerengetsa bwino, chifukwa ziwirizi siziyendera limodzi, pomwe ku Universal Credit amatha kubweza mpaka 85 peresenti ya ndalama zosungitsira ana.

Fomu yeniyeniyo siyovuta. Ndinalowa ndi nambala yanga ya Government Gateway, yolowera pa ntchito za boma za pa intaneti, ndinayankha za ntchito yanga ndi ya abambo, tsiku lobadwa la mwana, basi. Atandivomera anandipatsa nambala ya mwanayo, ya zilembo zinayi, manambala asanu, kenaka TFC kumapeto. Muilembe penapake, chifukwa ndi imene osunga mwana amazindikirira kuti ndalama yalowayi ndi ya ndani.

Ntchito inali pa bilu ya sukulu. Inkabwera pamzere umodzi: fizi, nkhomaliro, kalabu ya madzulo ndi piyano, zonse mtolo umodzi. Ndinapita ku ofesi ya zachuma ya pasukulupo ndili ndi pepalalo m'manja.

"Pepani mayi, kodi kalabu ya madzulo ingathe kukhala pa bilu yakeyake?"

Anatsegula kompyuta, n'kundionetsa kuti makolo ena amatero kale. Ananditchulira dzina lomwe kalabuyo inalembetsera m'dongosololi, lomwe linali losiyana ndi lomwe lili pachikwangwani cha pageti. Ndi dzina limenelo ndi postcode yake ndinaipeza pa akaunti ija, n'kuiika pa mndandanda wa amene ndimawalipira. Bilu ikakhala £250, ine ndimaika £200, boma limaponyapo £50 posakhalitsa, kenaka ndimatumiza yonse kuchokera momwemo.

Piyano inakanika. Mwanayu amaphunzira nthawi ya sukulu, ndipo malamulo amanena mosapsatira kuti maphunziro apadera a nthawi ya kalasi salowa. Ndinaganiza zomusamutsira kwa mphunzitsi wina wophunzitsira kunyumba kwake Loweruka, koma iyeyo sanalembetse ku Ofsted, bungwe loyendera sukulu ndi osamalira ana, ndiye palibenso njira. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse ya zochita za ana akaweruka: boma silifunsa ngati ndi mpira, kusambira kapena nyimbo, limafunsa ngati woyendetsayo ndi wolembetsedwa ngati wosamalira ana komanso ngati analowa m'dongosololi. Kalabu ya mpira ya pa holide yomwe mwana wathu amapita inalembetsa, ndiye imalowa bwinobwino. Masiku ano ndisanalembetse mwana kulikonse ndimayamba ndafunsa funso limeneli, mtengo pambuyo. Kwa ine lamuloli lili ndi kakondera, chifukwa aphunzitsi ang'onoang'ono a m'makomo ndi amene mitengo yawo timaikwanitsa, koma ndi mmene zilili.

Chinanso chomwe chinandithandiza ndi kawerengedwe ka £500 ija. Malirewo ndi a miyezi itatu itatu, ndipo zomwe simunatengepo sizidikira. Kuti mulandire yonse muyenera kuikamo £2,000 m'miyezi imeneyo. Nthawi ya sukulu ife sitifika pamenepo, koma holide ya mu Julayi ndi Ogasiti, milungu pafupifupi 6 ku sukulu zaboma ndipo zapulayiveti zimapitirirapo, imadya ndalama zoopsa. Choncho ndinauza banki kuti izitumiza kangachepe mwezi uliwonse ngakhale bilu palibe, ngati mmene timaponyera ku banki mkhonde. Ndalamayo imakhala momwemo pamodzi ndi gawo la boma, kudikira holide. Mukapanikizika mutha kutapamo yanu, kungoti boma nalo limatenga gawo lake. Agogo kapena amalume a mwana akafuna kuikamo, khomo ndi lotsegula.

Miyezi itatu iliyonse amatumiza uthenga kuti mulowe mukatsimikize kuti zinthu sizinasinthe. Mukapanda kutero, zoonjezera zija zimaima. Ine ndinaika chikumbutso pa foni, chifukwa imelo yawo imakwiririka msanga pakati pa za kuntchito. Thandizoli limatha pa 1 Sepitembala mwana atakwanitsa zaka 11, ndiye wathuyu akamalowa sekondale bajeti ya madzulo tidzaiyambanso kuiwerengera patokha.