Mutu uja wandilowa tsopano, lero ndigona tulo

Abale anzanga a za nkhalango, funso lija la asayimenti, loti n'chifukwa chiyani zimene akatswiri amadziwa sizifika kwa oyendetsa nkhalango, landizunguza mutu semesita yonse. Mayankho ake tonse timaloweza, malipoti ali m'Chingerezi, bando ndi yodula, alangizi ndi ochepa komanso njinga zawo zilibe mafuta. Zoona zimenezo, koma ukalemba umachita kumva wekha kuti pakusowa mchere.

Za ma VNRMC, makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, ndi co-management, kuyendetsa nkhalango mogwirizana pakati pa boma ndi anthu a m'midzi, sindibwereza, mukuzidziwa. Chomwe chanditsegula maso ndi chakuti munthu amatchera khutu ku uthenga umene angachite nawo kanthu, ndipo sangachite nawo kanthu ngati alibe mphamvu pa mtengowo. Basi. Zikumveka zophweka eti, koma taganizani bwino. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola mfumu kupatula nkhalango ya mudzi, komiti nkusainirana mgwirizano ndi a folesiti, ndondomeko ya 2016 nayo imakamba zoti anthu azitenga nawo mbali, ndiye pa pepala mphamvu ilipo. Koma pa atachimenti kuno ku Salima, mudzi wina wa kufupi ndi nkhalango ya Thuma, tidafika ndi filipichati yathu yodzaza manambala, mahekitala 4.5 miliyoni amene dziko lidalonjeza kubwezeretsa pofika 2030, anthu angoti duu, ena akusenda chinangwa. Mayi wina wa mukomiti atapatsidwa mpata adangofunsa kuti mitengoyi ikakula wodula ndani, chilolezo akatenga kuti, nanga chindapusa cha munthu wogwidwa chimathera m'thumba la ndani. Mafunso atatu, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe lidali pa filipichati. Ife timayankha funso limene iwo sadafunse.

Ndiye chinthuchi chimagwiranso chokwera, pa uthenga wochokera kumudzi kupita kwa akatswiri, apa ndi pomwe ndidachita kudzuka pampando. Wootcha makala amadziwa bwino kuposa tonsefe kuti mitengo ya tsamba ndi mombo yatha mbali iti, amadziwa njinga zimadutsa njira iti usiku kupita ku msewu wa Lilongwe, koma auze ndani, poti chisinthireni lamulo mu 2020 zilango zidakwera, kuyankhula n'kudzipereka wekha. Wakafukufuku naye amakwezedwa akatulutsa pepala mu jenolo, magazini ya akatswiri, osati akakhala pa mphasa ndi agulupu. Pulojekiti imasunga data yake mpaka wopereka ndalama aone lipoti. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka chokhalira chete, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, lingakuthandize kuitanitsa fayilo ku ofesi koma silingatsegule pakamwa pa wamakala. Ngakhale za msangu, alimi a kunyanja kuno adadziwa kalekale kuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndipo chimanga cha pansi pake chimachita bwino, a FRIM, bungwe la kafukufuku wa za nkhalango ku Zomba, asanabadwe n'komwe, koma timapitabe kukawaphunzitsa ngati zachilendo.

Ine mankhwala ake ndawapeza ndipo musanditsutse, mapu ojambula pansi. Kamtengo, phulusa, miyala, zitsononkho, anthu ajambule okha mudzi wawo, apa manda, apa potola nkhuni, apa pomwe pamalowera njovu. Mukangoyamba mkangano wa malire umabuka pompo, agogo amene samayankhula pamsonkhano amalanda kamtengo nkufufuta mzere wa mlembi, ndipo mu ola limodzi wamva zomwe kweshoneya ya masamba khumi singakupatse. Ndikadakhala nduna bwenzi mawekishopu a kunyanja ndi alawansi zake nditathetsa, aliyense azikagwada pa dothi.

Chondinyansa n'chakuti m'kalasi izi zidangodutsidwa pa silayidi imodzi. Aphunzitsi ena amangofuna uloweze magawo a lamulo ngati mavesi, ukafunsa kuti nanga kumudzi zimayenda bwanji akuti nthawi yatha, tionana pa mayeso. Ndipo nthawi yathadi, asayimenti ikufunika Lolemba, laputopu ndi yobwereka, magetsi nawo mukuwadziwa.

Pali kamodzi kokha kakundisowetsabe mtendere. Ku Nkhotakota, bungwe loyendetsa malo osungira nyama la African Parks lidatenga nkhalango ya kumeneko mu 2015, nkumanga mpanda, nkubweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndipo nyama zikuchulukana ngakhale chiganizo chomaliza sichili m'manja mwa mudzi. Ndiye mwina ganizo langali limagwira pa nkhalango ya mudzi pokha, kapena mwina kusunga mitengo ndi kugawana nzeru ndi nkhani ziwiri zosiyana zimene ine ndikuziphatikiza mokakamiza. Kaya. Ndilemba momwemo, akachonga tidzamva.