Dzala la agogo ndi dzala lathu la masiku ano

Kuseri kwa nyumba ya agogo anga aakazi ku Ntcheu kunali dzala limene ife adzukulu tinkatumidwako m'mawa uliwonse tikatha kusesa pabwalo. Tinkatayako phulusa la pamafuwa, makoko a nthochi ndi a mtedza, zitsononkho, masamba a mango ndiponso zitosi zimene tinkakokola m'khola la nkhuku. Mvula yoyamba ikangogwa, pamalopo pankamera maungu, matimati, bonongwe ndi mapapaya popanda wodzala, ndipo dzalalo likadzaza agogo ankalikwirira n'kubzalapo nthochi, amalume n'kukumba lina chapambali. Chilichonse chimene chinkalowa m'nyumba imeneyo chinkachokera m'nthaka, choncho chikatha ntchito nthaka inkachilandiranso mosavuta.

Ndinakumbukira zimenezi m'chilimwe chathachi pamene ndinkalima kuseri kwa nyumba imene timachita lendi ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, pofuna kubzala mpiru pamalo pamene panali dzala la anthu amene ankakhalamo ife tisanabwere. Ndinkayembekezera kupeza dothi lakuda, lofewa ngati la kwa agogo. Khasu linkangotuluka ndi majumbo, mapaketi a shuga ndi a sopo waufa, matewera a ana, zivundikiro za mabotolo ndi mabatire a tochi, ndipo mapaketi ena zilembo zake zinali zikuwerengekabe ngakhale anali atakhala m'dothi zaka zingapo. Ndinadzaza matumba awiri a feteleza ndi zinthu zimenezi ndisanapange ngakhale bedi limodzi.

Chizolowezi chathu sichinasinthe, pakuti timasesa, kuwola ndi kukataya kudzala monga mmene makolo athu ankachitira, koma zimene tikutayazo ndi zina. Pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo chiswe, nyongolotsi ndi tizilombo tina timene timawoletsa zinthu m'nthaka sitingathe kumudya. Dzuwa limangomuumitsa ndi kumuphwanya tizidutswa ting'onoting'ono timene timatsalabe m'dothi ndi m'madzi. Choipa kwambiri n'chakuti jumbo imodzi ikamangidwa ili ndi makoko a mbatata, mkute wowonongeka ndi thewera, zonsezo zimasanduka uve umodzi wonunkha umene munthu sangaupangenso manyowa kapena kuugulitsa.

Gawo lina la zinyalala za mumzinda muno limakatayidwa ku Mzedi, monga mmene za ku Lilongwe zimapitira ku Area 38, koma m'madera mmene nyumba zinathithikana ndipo njira zake ndi zopapatiza, galimoto yotenga zinyalala singalowe. Kumeneko anthu amakwirira, amawotcha, kapena amadikira mdima n'kukataya m'ngalande. Aliyense amene anaimapo pa mlatho wa Mudi mvula yoyamba itagwa anaona mabotolo ndi majumbo amene madzi amakokolola, ndipo madzi amenewo sathera mumzinda, amatsetsereka kulowera ku Shire kumene anthu ena amasamba, kuchapa ndi kumwetsa ziweto. Ngalande ikatsekeka madzi amasefukira m'misewu ndi m'makomo, ndipo otsala m'zitini ndi m'matayala akale ndi mmene udzudzu umaswana. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unali ndi zifukwa zambiri, makamaka kusowa kwa madzi aukhondo ndi zimbudzi, komabe palibe mayi amene anaona ntchentche zikuchoka pa mulu wa matewera n'kukatera pa mbale za ana amene angakane kuti kataidwe ka zinyalala kalimo m'nkhaniyi.

Kuwotcha kumaoneka ngati ukhondo chifukwa mulu umatha pompopompo, koma utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni amene amapweteka mapapo, ndipo umalowa m'nyumba zomwezo mmene mukugona makanda ndi okalamba. Inenso kwa zaka zambiri ndinkakolezera mbaula ndi jumbo, popeza imayaka msanga makala akanyowa, mpaka mwana wanga wachiwiri atayamba kutsokomola pafupipafupi ndi pamene ndinasiya n'kuyamba kugwiritsa ntchito zitsononkho ndi timitengo touma. Ziweto nazo sizinapulumuke. Mbuzi imadya jumbo yonunkhira mchere kapena mafuta a tchipisi, jumboyo imakhazikika m'mimba, ndipo chiwetocho chimangowonda mwini wake osadziwa chimene chikuchidya.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana mamaikuloni 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), m'chaka cha 2015. Makampani opanga majumbo anakatsutsa lamuloli kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anali mmodzi mwa otsogolera nkhondo imeneyi, analandira mphoto ya Goldman, yoperekedwa kwa oteteza chilengedwe, mu 2021. Ndimalemekeza ntchito imeneyo, koma lamulo silingalowe m'khitchini mwanga kudzasankha chimene ndiponye m'ndowa iti.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti kugwiritsanso ntchito zinthu si nzeru yachilendo kwa ife. Tinakula tikuwerenga pa koloboyi yopangidwa ndi chitini, tikumenya mpira wa chikulunga ndi kuyendetsa galimoto za mawaya. Mpaka lero amayi ogulitsa thobwa amafunafuna mabotolo, amisiri amasungunula zitsulo zopepuka n'kuumba mapoto, ena amadula matayala n'kupanga nsapato ndi zingwe, ndipo anyamata amayenda m'makwalala akugula zitsulo zakutha pa sikelo. Botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi sititaya chifukwa tikudziwa kuti lili ndi mtengo kugolosale. Anthu amene amatola zinthu kumalo otayira zinyalala timawayang'ana monyoza, chonsecho ndi iwo amene akugwira ntchito yosankha imene ife tinaikana pakhomo, ndipo amaigwira ndi manja opanda magolovesi pakati pa magalasi osweka. Botolo limene likanatsukidwa n'kuikidwa pambali tsiku lomwe linatha ntchito, amakalipeza litakhala m'zowola sabata zingapo.

Kuyambira tsiku la khasu lija, pakhomo pathu pali ndowa imodzi, thumba limodzi ndi katoni. M'ndowa mumalowa zonse zowola, ndipo ndinadabwa kuona kuti zimenezi ndiye zochuluka kuposa zina zonse pamodzi. Madzulo timakazithira m'dzenje lakuya kufika m'bondo, pamwamba n'kuwaza phulusa la m'mbaula ndi dothi pang'ono kuti ntchentche zisabwere, ndipo pakapita sabata ziwiri kapena zitatu timatembenuza ndi kuthirira ngati kwauma. Mafupa ndi zamafuta sitiikamo chifukwa zimaitana agalu ndi makoswe. Pakatha miyezi itatu kapena inayi fungo loipa limakhala litatha, n'kutsala dothi lakuda lonunkhira ngati munda wongolimidwa kumene. Masiku ano pamene thumba la feteleza lakwera mtengo chonchi ndipo alimi ambiri akumudzi atembenukira ku manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, zimandipweteka kuganiza kuti m'tauni timataya chonde tsiku lililonse titachimanga m'jumbo.

M'thumba timasungamo mabotolo ndi zigubu zotsukidwa, zimene mayi wina wogulitsa thobwa pamsika wathu amabwera kudzatenga, ndipo m'katoni mumakhala zitini ndi zitsulo zodikira anyamata a sikelo aja. Kumsika ndimapita ndi dengu limene ndinagula kumudzi. Poyamba ogulitsa ankandiumiriza kuti, “Mayi, tengani jumbo, ndi yaulere,” koma tsopano akangondiona amathira tomato ndi anyezi m'dengumo osafunsa.

Zotsala zimene zikundisowetsabe mtendere ndi mabatire ndi matewera. Mabatire ndimawasunga m'chitini chotseka pamwamba pa kabati, kutali ndi ana, chifukwa mankhwala ake akalowa m'dothi angathe kufika m'chitsime chimene anansi athu amatungamo. Za matewera ndinakambirana ndi mng'ono wanga amene ali ndi khanda, ndipo tinagwirizana kuti masana akakhala pakhomo azigwiritsa ntchito ansalu monga ankachitira amayi athu, otayawo akhale a paulendo ndi usiku basi. Pa bedi lija mpiru unamera bwino, ndipo m'mphepete mwa dzenje la manyowa mwatuluka mitengo iwiri ya mapapaya imene palibe anaidzala.